Apongozi Anga Amasoka ndi Msana

Ndinene poyambirira kuti ine ndi apongozi anga sitinkamwerana madzi kwenikweni. Sitinakanganepo mokweza mawu, ayi. Koma tsiku limene mwana wawo anakandionetsa kwa iwo, asanandifunse n'komwe kuti ndayenda bwanji, anagwira mkono wa bulauzi yanga, n'kuutembenuza kuti aone msoko wam'kati.

"Anakusokerani ndani?" anafunsa.

Nditawauza kuti ndinagula yosokasoka, anangoti, "Zikuoneka." Kuyambira tsiku limenelo amandiitana kuti Aphunzitsi, poti ndimaphunzitsa ana a kupulayimale, ndipo mmene amalitchulira dzinalo mungayese ndi matenda.

Mumsewu wopita kumsika anthu amawadziwa kuti Mayi Masula. Dzinalo anawapatsa ndi atsikana amene anaphunzira utelala kwa iwo, chifukwa ukawaonetsa chimene wasoka amangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Masula, uyambirenso." Iwo anayamba kusoka ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pakhonde la sitolo ya nsalu, pa makina a eni sitolo. Pambuyo pake anagula awoawo, akuda, opalasa ndi mapazi, ndipo ndi omwewo mpaka lero. Amuna awo anali dalaivala wa malole ndipo anamwalira mwana wotsiriza akadayamwa. Ana onse atatu anakula akumva phokoso la makinawo, ndipo amuna anga amanena kuti ali mwana ankagona msanga makina akamalira kusiyana ndi akakhala chete.

Kachipinda kawo kosokera ndi kakang'ono, koti anthu anayi akalowa wachisanu amayankhulira pakhomo. Muli zenera limodzi, thebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali lothimbirira m'munsi, ndi chitini chachikulu cha mabatani chimene makasitomala amakhalira. Chopondera cha makinawo chinasalala mpaka kuwala pamalo pamene pankakhala zidendene zawo.

Atangopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, msana unayamba kuwavuta. Anaupirira mpaka tsiku limene analephera kudzuka pampando. Kuchipatala anawachita opaleshoni, ululu unachepa, koma miyendo sinabwererenso. Anatuluka ali pachikuku. Manja, maso ndi pakamwa zinatsala zamphumphu, ndipo zonsezo zinabwera kudzakhala kwathu, m'chipinda chimene ndinkasungiramo makope a ana asukulu.

Masabata oyamba ndinaona zakuda. M'maso mwawo makatani anga anali okhota, mayunifolomu a adzukulu awo anali osokedwa ndi munthu wopanda chisoni, ndipo zovala ndinkayanika ngati ndikuzilanga. Ndinkangoluma mano. Amuna anga, pofuna kuwasangalatsa, anakaikitsa chogwirira pagudumu la makina kuti azipukusa ndi dzanja. Tinawapititsa kukachipinda kaja Loweruka lina. Dzanja limodzi likupukusa, linalo linatsala lokha kugwira nsalu, ndipo msoko unatuluka wokhotakhota. Anauyang'ana, n'kuumasula okha ulusi umodziumodzi, kenako anati tiwabweze kunyumba.

Kuyambira pamenepo anakhala chete. Chakudya ankangotolatola. Tsiku lina ndinavala dala siketi imene mpendero wake unali utagwa mbali imodzi, n'kudutsa pamaso pawo kawiri konse. Sananene kanthu. Ndinalowa kukhitchini ndili ndi mantha enieni, chifukwa ndinadziwa kuti munthu uyu akutithawa tikuona.

Nthawi yomweyo mwini nyumba anatumiza uthenga kuti wometa tsitsi wina akufuna kachipindako, ndipo ngati kakhalabe kotseka pakatha miyezi iwiri amupatsa. Amuna anga anati palibe chodikira. Ine ndinati tidikire. Sindinama kuti unali mtima wabwino wokhawokha: ndinkafunanso nyumba yanga masana.

Amene anatilumikiza ndi ana a ku yunivesite anali mayi amene ankawaongola miyendo kuchipatala. Anati ophunzira za uinjiniya a chaka chachitatu sakhoza chaka chimenecho asanapite kwa anthu, n'kukapeza vuto lenileni ndi kulikonza. Anabwera awiri. Mtsikana wamfupi amene ankalemba chilichonse m'kope, mpaka apongozi anamutcha Kalembera, ndi mnyamata amene ankachita kuwerama polowa pakhomo, amene anangokhala Wamtali.

Tinakumana kukachipinda kaja. Anayeza thebulo, gudumu, chikuku, ngakhale mikono ya apongozi kuchokera paphewa mpaka kuchala. Apongozi anawasiya mpaka atamaliza.

"Mwa awirinu, ndani anasokapo?" anafunsa.

Anayang'anana.

"Olo batani?"

Wamtali anaseka mwaulemu. "Mayi, ife timapanga makina. Kusoka ndi kwa inuyo."

"Ndiye mupanga chiyani, poti simudziwa chimene makinawo amachita?"

Kalembera analembanso zimenezo, koma ndikukhulupirira kuti sanazimve.

Patatha masabata atatu anabwera ndi ntchito yawo, ndipo kunena zoona inali yooneka bwino. Pansi pa thebulo anamangirira kamota kamagetsi, n'kuchotsa lamba kuchopondera kumupititsa kukamotako. Kutsogolo, pamene pamafika mimba ya munthu wokhala, anaika chitsulo chokutidwa ndi siponji. Ukawerama n'kuchikankha pang'ono makina ankayenda pang'onopang'ono, ukakankha kwambiri ankathamanga, ukabwerera m'mbuyo ankaima. Manja onse awiri anali omasuka.

Mphunzitsi wawo anabwera kudzaona. Anabweretsa nsanza zazitali zoyeserera, apongozi n'kusoka mizere yowongoka itatu, makina akulira ngati kale. Ndinaona mano awo koyamba chitulukireni m'chipatala. Mphunzitsiyo anajambula zithunzi, anagwira aliyense chanza, n'kunena kuti anawo akhoza bwino kwambiri.

M'mawa mwake, linali Loweruka, apongozi anati ndiwaperekeze. Anatenga shati yoyera ya kasitomala imene inatsala yopanda kolala pamene ankadwala. Msoko wautali unayenda bwinobwino. Atafika pansonga ya kolala, pamene telala amasoka kamodzikamodzi kuti atembenuze nsalu, makina analusa mwadzidzidzi ngati awaponda mchira. Singano inalowa pachikhadabo cha chala cholozera n'kuthyokera momwemo. Iwo sanakuwe. Anangoti, "Aphunzitsi, chotsani shatiyo, ndiidetsa." Inali itadetsedwa kale.

Amuna anga ndi munthu wofatsa, koma tsiku limenelo kuchipatala anayankhula mpaka anamwino anatiyang'ana. Anati ana a eni aphunzirira pa mayi awo ngati pa chidole, alandira malikisi awo, apita. Anatseka kachipinda, fungulo n'kuika m'thumba la jekete, ndipo anauza mwini nyumba kuti tsiku lomaliza la mwezi adzabwera ndi ngolo kudzachotsa makina. Kunali kutatsala masabata atatu.

Lachiwiri madzulo Kalembera anagogoda pakhomo pathu. Amuna anga anaima pakhomopo osamupatsa njira.

"Muloleni alowe," apongozi anayankhula ali m'chipinda. "Chala ndi changa."

Mtsikanayo analowa n'kuima pafupi ndi bedi, maso ali pabandeji.

"Ndamva kuti munakhoza," apongozi anatero.

"Tinakhoza, mayi."

"Ndiye mukufunanso chiyani kuno?"

"Tinakhoza ndi chinthu chimene chakuvulazani. Ndawerenga zonse zimene ndinalemba, ndipo sindikuona pamene tinalakwitsa. Mota ili bwino, chitsulo chili bwino." Anakweza maso. "Munatifunsa ngati tinasokapo. Ndiphunzitseni."

Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, mmene amayang'anira nsalu asanaidule. Kenako anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, mumaweruka nthawi yanji?"

Fungulo ndinatenga ndine m'jekete, ndipo sindinabise. Ndinauza amuna anga kuti mwezi usanathe kachipindako n'kathube, ndipo kuti makina akhala opanda mota, wopalasa adzakhala mtsikanayo. Anandifunsa kuti ndayamba liti kukhala mbali ya mayi awo. Ndinangowapatsa tiyi.

Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkakankha chikuku kudutsa pa okonza njinga, pa ogulitsa makala, mpaka kukachipinda. Msewuwo uli ndi maenje amene poyamba sindinkawaona, koma tsopano ndimawadziwa lililonse ngati ana a m'kalasi mwanga. Kalembera anachotsa mota n'kubwezera lamba kuchopondera. Atatulutsa kope lake, apongozi analipempha ngati akufuna kuliona, n'kulikhalira.

"Mudzalitenga mukasoka kolala," anatero.

Masiku oyamba anali omvetsa chisoni. Mapazi a mtsikanayo ankabweza gudumu chammbuyo, ulusi n'kupotana pansi ngati chisa. Munthu amene ankatha kuwerengera mphamvu ya mota pamtima ankalephera kusoka mzere umodzi papepala. Anamasula, n'kumasulanso, mpaka nsonga za zala zinafiira. Tsiku lachitatu analira mwakachetechete, misozi ikugwera pansalu, koma mapazi sanaime. Apongozi anangomupatsa kansanza kopukutira, n'kumuuza kuti ulusi wam'mwamba wathina.

Tsiku lachinayi Wamtali anatulukira, manyazi ali tho. Anati anamva kwa mnzake. Apongozi anati makina ndi amodzi, adikire nthawi yake, ndipo poti malo munalibe anakhala pachitini cha mabatani kumbuyo kwa awiriwo, mawondo ali m'khosi. Anakhala pamenepo masiku asanu ndi limodzi, akuona misana yokhayokha. Ine ndinkakhala pakhomo n'kumachonga makope.

Pofika sabata yachiwiri, Kalembera anali atayamba kusoka mizere yooneka, ndipo anamupatsa kolala yoyeserera. Ndinamva Wamtali akunena kuti, "Taimani kaye."

Makina anaima.

"Mayi, n'chifukwa chiyani mwawerama?"

"Ndani wawerama?"

"Inuyo. Simukusoka, koma mnzangayu akangofika pakona, nonse awiri mumawerama limodzi. Akalowa msoko wautali, nonse mumabwerera m'mbuyo n'kutsamira. Ndakhala ndikuona kuyambira dzana."

"Zabodza," apongozi anatero. "Aphunzitsi, ndimawerama ine?"

Ndinati ayambirenso kuti ndione. Mtsikanayo anapalasa, ndipo atayandikira nsonga ya kolala, mitu iwiri inatsikira limodzi kusingano ngati nkhuku zaona njere. Ndinawauza kuti amawerama, ndipo ndinasangalala kuwatsutsa.

"Chabwino, n'zachidziwikire," anatero, atakwiya pang'ono. "Pakona munthu umafuna kuona pamene singano ikulowa."

"Nanga nthawi imeneyo mapazi amatani?" Kalembera anafunsa, mawu ali pansi.

"Amadikira. Ungathamange pakona?"

Wamtali anagwira mutu ndi manja onse awiri. Iwo anapanga chitsulo chija poganiza za galimoto, kuti kukankhira kutsogolo ndiye liwiro. Koma telala amapita kutsogolo akafuna kuchepetsa, ndipo amathamanga atakhala tsonga, msana uli m'mbuyo. Thupi la apongozi linachita zimene lakhala likuchita zaka makumi anayi, ndipo makinawo anamva zosiyana. Iwo eni sakanatha kuwauza, chifukwa sankadziwa kuti amatero.

"Tinaika chammbuyo," Wamtali anatero. "Chiyenera kukhala kumsana."

Kudziwa kunali kosavuta poyerekeza ndi kupanga. Teremu yawo inali itatha, ndipo chipinda cha zipangizo ku yunivesite chinali chotseka. Anakapempha wowotcherera zitsulo wa mumsewu mwathu, bambo amene apongozi anasokera suti ya ukwati kalekale, ndipo iye anawapatsa ngodya ya shedi yake n'kumawaseka mmene ankagwirira chowotcherera. Anapanga thabwa lotsamira lokhala ndi sipuling'i kumbuyo, lomangirira pachikuku, ndi waya wopita kumota. Ukatsamira makina ayende, ukawerama achepetse mpaka kuima.

Loyamba linali lofewa kwambiri, moti apongozi atatsokomola makina anadumpha. Lachiwiri linali lolimba, ndipo patatha mphindi khumi msana wa opaleshoni uja unayamba kuwawa, thukuta lili kamukamu pamphumi. Ndinati tisiye, iwo anati ndisalowerere za amisiri. Lachitatu linali bwino, koma liwiro lotsikitsitsa linali likadali lalikulu, losatheka kusoka kamodzikamodzi. Anafunika kusintha gudumu la pamota, ndipo loyenera analisaka masiku awiri kwa ogulitsa zitsulo zakale. Nthawi yonseyi sanalole kuti apongozi ayese ndi singano. Woyamba kuika zala zake pafupi ndi singano pa makina atsopanowo anali Kalembera, atakhala pachikuku cha apongozi, eni ake titawakhazika pathebulo lodulira nsalu akulamula ali pamwamba.

Anamaliza kumanga m'mawa wa tsiku lomaliza la mwezi. Ndinapempha mnzanga kuti andigwirire kalasi. Apongozi anali atangosoka mizere iwiri yoyeserera pamene tinamva ngolo ikugudubuzika panja. Amuna anga anafika ndi wokankha ngolo, ndipo kumbuyo kwawo kunali wometa uja, atanyamula galasi lake lokulunga m'bulangeti.

Amuna anga anaima pakhomo. Anaona mota itabwerera pansi pa thebulo, anaona waya, n'kundiyang'ana ine. Nkhope yawo inada.

"Tinagwirizana kuti mota ayi," anatero.

"Tinagwirizana," ndinavomera. Ndinalibe chodzitetezera.

"Amayi, chala chija sichinapole n'komwe. Mukufuna chichitike n'chiyani kuti mumve? Mwagwira ntchito mokwanira. Kunyumba simusowa kanthu."

"Ndimasowa," apongozi anatero. Sanakweze mawu. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu, maso n'kuima pachifuwa. "Thumba la shati yakolo lasosoka. Vula."

"Amayi, pali anthu."

"Anthuwo sanaonepo vesiti? Vula ubweretse kuno."

Bambo wa ana anayi, woyang'anira anzake kuntchito, anamasula mabatani pamaso pa wometa ndi wangolo n'kupereka shati. Apongozi anachotsa thumba lonselo ndi kalumo, analiyala bwino, n'kulibaya ndi mapini awiri. Thumba la shati lili ndi makona, ndipo pamwamba pake pamafunika timisoko tating'ono tolimbitsa. Aliyense m'chipindamo amene anali atagwirapo singano ankadziwa zimenezo. Kalembera anapinda manja kumbuyo. Ine ndinkayang'ana bandeji ija.

Apongozi anatsamira. Makina anayamba kulira, msoko n'kutsika mbali imodzi ya thumba. Atayandikira kona mutu wawo unatsika, ndipo phokoso linatsika nawo limodzi, mpaka tinkamva singano ikulowa kamodzi, kenako kamodzinso, n'kuima ili m'nsalu. Anakweza kaphazi kopanikizira nsalu, anatembenuza shati, anatsitsa, n'kutsamiranso. Anatero pakona iliyonse. Sanayang'ane waya kapena thabwa ngakhale kamodzi. Atamaliza anadula ulusi, anaunika msokowo kuzenera, kunja ndi m'kati, n'kuponyera shatiyo mwana wawo.

Amuna anga sanaivale. Anaigwira m'manja akuyang'ana thumbalo, chala chikuyenda pamsoko. Wangolo, amene anali atatopa kudikira, anasuzumira pakhomo.

"Bwana, tiyambe ndi chiti, makina kapena thebulo?"

"Palibe chonyamula," amuna anga anatero, mawu atasasa. Anatuluka ndi vesiti yomweyo kukapepesa wometa ndi kukalankhula ndi mwini nyumba.

Ana awiri aja anafuna kuyamba kufotokoza zimene zatsala, kuti sipuling'i idzafuna mafuta, kuti adzabweranso Loweruka kudzaona waya. Apongozi anamvetsera zonse, n'kuwauza kuti akamwe tiyi, abwere mawa chifukwa Wamtali sanayambe n'komwe kupalasa. Atatuluka tinatsala awiri. Apongozi anaika dzanja pagudumu la makina, ndipo ndinaona kuti atopa kwambiri.

"Aphunzitsi," anatero osandiyang'ana, "ine pano ndimatsegula seveni koloko. Mwana wanga amachoka kusanache, ndipo mumsewu uja sandiyendetsa bwino, amandigwetsera m'maenje. Ndingakuvutitseni?"

Chikhalireni pabanja pano anali asanandipemphepo kanthu. Ndinkafuna nyumba yanga masana, ndipo ndinaipeza, koma sindinayembekezere kuti pempho lawo lidzandikhudza chonchi. Ndinawauza kuti belu la kusukulu limalira hafu pasiti seveni, choncho tizinyamuka sikisi koloko, ndipo asamandichedwetse.

Chino ndi chaka chachitatu ndikukankha chikukucho m'mawa uliwonse, ndipo sitinachedwepo.